Za Dzungu Lachilendo ndi Maso a Ana Athu

Mau onenedwa pamaso pa mpingo ku Embangweni, m'masiku a Chaka Choliza Lipenga

 Chifukwa cha inu alendo tilankhula Chinyanja lero, ndipo eni mudzi atikhululukire. Pamene tinena dzungu iwo amve jungu, ndi pamene tinena ndiwo amve dende.

Anzathu amene anaima pano tisanaime ife anena zazikulu. Anena za Uthenga umene unakhazikika ku Njuyu m'chaka cha 1882 ndi William Koyi, za Ekwendeni ndi za Hora, ndi za Donald Fraser amene anasamutsa mishoni kuichotsa ku Hora nadzamanga pano m'chaka cha 1902. Ife atipatsa kanthu kakang'ono, ndipo kapena ena adzaseka pakumva kuti pa tsiku lotere munthu waimirira kudzanena za maungu. Koma tikumbuke kuti malo ano sanamangidwe ndi nyumba ya mapemphero yokha. Mkazi wa Fraser, Dr Agnes Fraser, anali sing'anga, ndipo kuyambira masiku oyamba odwala anadza kuno m'njira yomweyo imene anadzera ophunzira. Chipatala muchiona apocho chinamera pa ntchito imeneyo. Ndipo yense amene anagonapo m'chipinda cha ana odwala, ali kudikira mwana wake, adziwa kuti nthenda zambiri za ana ziyambira mu mphika, ndi kuti zina za izo zikhoza kutheranso mu mphika momwemo.

M'chilamulo cha Mose chaka choliza lipenga chinali chaka chosabzala ndi chosatuta. Anthu anadya zimene nthaka inatulutsa yokha. Mlimi wa kuno pakumva zimenezi aganiza msanga za mbewu imodzi. Pakuti ndani sanaone dzungu litamera lokha padzala, kapena pa khola lakale la ng'ombe, popanda munthu wolibzala, niliyanga, nilikwera mpanda, nilibala koposa anzake a m'munda? Tazolowerana nalo kotero kuti ambiri a ife tiyesa kuti maungu anali kuno chiyambire dziko. Mphonda inde, ndi chikho, ndi nsupa, zimenezo ndi za kuno kuyambira kale lomwe. Koma maungu ndi alendo. Kwao ndi ku America, kumene kunachokeranso chimanga, chinangwa, mtedza, mbatata, nyemba zathu za m'munda ndi fodya. Zombo za Apwitikizi zinadza nazo mbewuzi ku magombe a Africa chitapita chaka cha 1500, ndipo zinalowa m'kati mwa dziko pang'onopang'ono, dzanja kupatsa dzanja. Pamene David Livingstone anakwera Shire m'chaka cha 1859 anapeza Amang'anja ali nawo kale maungu m'minda yawo, pamodzi ndi mapira ndi nyemba. Tinena izi kuti pasakhale munthu wakana dzungu latsopano chifukwa lili lachilendo, pakuti nsima yomwe tadya m'mawa uno inali mlendo tsiku lina.

Dzungu tinenali ndilo lija Azungu alitcha butternut. Mwaliona m'misika ndi m'masitolo: laling'ono, losalala khungu, lotumbuluka ngati mchenga wa mumtsinje, la khosi lonenepa ndi matako otupa monga chikho chosadula. Khosi lonselo ndi mnofu wokhawokha, ndipo nthanga zisonkhana kumunsi m'kachipinda kakang'ono. Mukaling'amba mupeza m'kati mwake mofiira ngati papaya lakupsa. Pakati pa mbewu za padziko ili ndi khanda. Linayambira ku Massachusetts. Ndipo mtundu wotchedwa Waltham, umene nthanga zake zigulitsidwa kwambiri m'mapaketi, unabuka m'chaka cha 1970. Ku South Africa analilandira ndi manja awiri, ndipo tiyesa kuti ambiri a kuno analilawa koyamba kumeneko, pakuti ngochepa mudzi m'dziko la M'mbelwa wopanda mwana wake ku Joni. Ngakhale litero, kwa maungu athu lili mbale weniweni. Ophunzira za zomera alilemba m'banja lotchedwa Cucurbita moschata, ndimo mulinso maungu ambiri a m'minda yathu. Ndipo za ubale umenewu tidzanenanso pofika pa nthanga.

Tsono tinene za kufiira kwa m'kati mwake, pakuti pamenepo pagona nkhani yonse. Kufiirako sikuli kwa kukondweretsa maso chabe ayi. Ndiko chizindikiro cha kanthu kotchedwa carotene, kamene kalinso mu karoti, mu mango akupsa, mu papaya, ndi m'masamba a ndiwo, ngakhale m'masamba kabisala kunsi kwa kubiriwira. M'chaka cha 1913 anthu awiri ophunzira a ku America, Elmer McCollum ndi Marguerite Davis, podyetsa makoswe zakudya zosankhika, anapeza kuti m'mafuta a mkaka ndi m'kati mofiira mwa dzira muli kanthu kosaoneka, kamene nyama ikakasowa ileka kukula. Ndiko kamene tikatcha lero vitamini A. Pambuyo pake, cha m'ma 1930, Thomas Moore wa ku Cambridge anaonetsa kuti thupi likhoza kudzipangira vitamini A kuchokera mu carotene wa zomera. Taonani tanthauzo lake kwa ife. Wamasiye wopanda ng'ombe ya mkaka, wopanda nkhuku yoikira, sanatsekeredwe kunja. Munda wake ukhoza kupatsa ana ake chimene khola lipatsa ana a mwini chuma.

Ndipo mwana akasowa vitamini ameneyu chimchitikira nchiyani? Chiyambira m'maso. Usana asewera bwino ndi anzake, koma dzuwa likalowa apunthwa pa mtondo, nafufuza mbale ndi manja, nakhala phee pakhonde monga nkhuku madzulo. Amake amtcha waulesi kapena wamantha, osadziwa kuti mwanayo saona, popeza diso lisowa vitamini A kuti lipenye m'kuwala kochepa. Zikapitirira, diso liuma, pa choyera chake padza kadontho konga thovu, kenako chilonda pa galasi la diso, ndipo chilondacho chikaboola palibenso sing'anga wobwezera kuona. Koma choopsa choposa ndi chosaoneka. Khungu la m'kati, la pakhosi, la m'mapapo ndi la m'matumbo, limene lili ngati mpanda wotsekereza nthenda, lifooka. Ndipo chikuku kapena kutsegula m'mimba, zimene mwana wina achira nazo, zitenga mwana wotere. Sing'anga wa maso Alfred Sommer, pogwira ntchito m'midzi ya ku Indonesia m'zaka za m'ma 1980, anaona kuti m'midzi imene ana analandira vitamini A imfa za ana zinachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Anapita kukachiritsa maso, napeza kuti ali kutseka manda.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi mbali yokondweretsa, ndipo pa tsiku la chiyamiko tiyenera kuinena. Pamene anayesa mwazi wa ana aang'ono m'dziko lonse la Malawi m'chaka cha 2001, anapeza kuti ana 59 mwa 100 anali operewera vitamini A. Pamene anayesanso m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza osapitirira 4 mwa 100. Kutsika kotere sikuchitika kawirikawiri m'mbiri ya mitundu. Koma tifunse kuti kunadza bwanji. Kunadza ndi kambulu kaja ka mafuta kamene alangizi a zaumoyo afinyira m'kamwa mwa mwana kusikelo. Kunadza ndi shuga wa ku Dwangwa ndi Nchalo amene anayamba kumthira vitamini A m'chaka cha 2012. Kunadzanso ndi mafuta ophikira a m'botolo. Zonsezi nzabwino, ndipo mayi asaleke kupita ndi mwana kusikelo chifukwa cha mau athu. Koma zonsezi zichokera kunja kwa mudzi. Kambulu kadza pa galimoto, ndipo galimoto idalira mafuta ndi mlatho. Shuga ndi mafuta zidza ndi ndalama, ndipo ndalama idalira mtengo wa fodya ndi wa soya, kapena mwana wa ku Joni ngati akali pa ntchito. Chaka chikavuta, zoyamba kuchoka m'nyumba ndi shuga ndi botolo la mafuta. Ndipo sitiyesa kuti ndi nzeru kuti maso a mwana apachikidwe pa shuga, amene asing'anga omwewo atiuza kuti timchepetse. Dzungu ligona kuseri kwa nyumba, silidikira mlatho.

Muyeso wake ndi uwu. Chibenthu cha butternut cholemera magalamu 100, ndicho chokwana m'chikhato cha mayi, chili ndi mamaikulogalamu oposa 500 a vitamini A, pamene mwana wa chaka chimodzi kufikira zaka zitatu asowa 300 kapena 400 pa tsiku. Chibenthu chimodzi chikwanira tsiku lonse. Ndipo popeza chiwindi chisunga vitamini ameneyu monga nkhokwe isunga chimanga, mwana wodya bwino m'miyezi ya maungu alowa m'miyezi yosowa ali ndi chosungira. Mayi woyamwitsa asowa koposa munthu wina aliyense m'mudzi, pakuti mwana wakhanda alandira wake wonse kudzera m'bere. Maungu athu akale asiyana m'kati mwawo: ena ngofiira kwambiri, ndipo amenewo alingana ndi mlendoyu, ena ngoyezuka, amadzimadzi, ndipo mwa iwo carotene ngochepa. Diso la mayi likhoza kuweruza popanda sikelo.

Koma pano pali chinsinsi chimene tifuna amayi a Umanyano apite nacho kumidzi, ngakhale aiwale zina zonse. Carotene sasungunuka m'madzi, asungunuka m'mafuta. Dzungu lophika ndi madzi okha, nilidyedwa lokha m'mawa, lipita m'matumbo ndi chuma chake chambiri osachisiya. Lisowa mnzake wa mafuta kuti thupi lilandire. M'zaka za 1938 ndi 1939 boma la Nyasaland linatuma Dr B. S. Platt ndi anzake kukayesa chakudya cha anthu m'midzi ya m'chigawo cha Kota Kota, ndipo pakati pawo panali Margaret Read, amene anakhalanso pakati pa Angoni nalemba za maleredwe a ana awo. Anapima mbale ndi mbale nyengo zonse za chaka, napeza kuti chakudya cha m'midzi chisowa mafuta, ndi kuti chichepa m'miyezi yomweyo imene ntchito ya kumunda ichuluka. Zaka zambiri zapita, koma mayi aliyense pano akhoza kuchitira umboni ngati mau amenewo akalamba. Ndipo chodabwitsa nchakuti mankhwala ake agogo athu anali nawo kale osadziwa dzina la vitamini. Ndiwo nsinjiro. Futali wa maungu, amene ana a sukulu masiku ano amyesa chakudya cha okalamba, ndiye chakudya chokonzeka bwino koposa zonse tinganene lero: dzungu lipatsa carotene, mtedza upatsa mafuta omtengera m'thupi, nuonjezapo zomanga thupi zimene dzungu lilibe.

Pakuti tinene zoona, dzungu lilibe zambiri. Mwa magawo 100 a mnofu wake, 86 ndi madzi. M'magalamu 100 muli galamu imodzi yokha ya zomanga thupi, pamene mu mtedza muli 25. Ndipo mphamvu yake ndi makalori 45, pamene ufa wa chimanga wolemera chimodzimodzi uli ndi oposa 350. Mwana wodya maungu okha akhuta, mimba nitupa, koma sakula. Tisanyengedwe ndi anthu oyenda m'misika ndi m'mabasi amene atenga chomera chimodzi nachitcha mankhwala a nthenda zonse. M'zaka zomwezo za 2015 ndi 2016, pamene kuperewera kwa vitamini A kunatsika, ana 37 mwa 100 osafika zaka zisanu anapezeka opinimbira, ndiko kuti msinkhu wawo sunafike pa zaka zawo. Nthenda imeneyo dzungu lokha siliithetsa. Alangizi atiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo dzungu likhala m'gulu limodzi lokha.

Chifukwa chake phala la mwana likhale lotere. Mwana ayamwe bere lokha kufikira miyezi 6. Pamenepo mayi aphike phala la ufa wa mgaiwa, natenge chibenthu cha dzungu lophika, achikanye ndi supuni kufikira chisalala, achisakanize m'phalamo pamodzi ndi supuni yodzala ya nsinjiro. M'nyumba ya ng'ombe athiremo mkaka wowiritsa. M'nyumba yopeza usipa asinje usipa wouma nauwaze pamwamba. Phala likhale lolimba, lokhala pa supuni osayenderera, pakuti kamimba ka mwana nkakang'ono ndipo phala lamadzi likadzaza ndi madzi. Apa butternut aposa maungu ambiri, chifukwa mnofu wake ulibe ulusi wotsamwitsa, ndipo utsekemera wokha, kotero kuti mwana alandira popanda shuga.

Za akulu sitichulukitsa mau, pakuti sitinadze kudzaphunzitsa amayi a kuno kugwira mphika. Tingokumbutsa kuti madzi achepe. Ena aika zitsononkho kapena timitengo pansi pa mphika, nasanja zibenthu pamwamba, navundikira, kuti nthunzi iphike. Njira imeneyo isunga kukoma, isunganso vitamini C amene athawira m'madzi otayidwa. Khungu la butternut ndi lopyapyala, likapsa lidyeka. Wina aling'amba pakati kutsata utali wake, napaka timafuta ndi mchere, naliotcha pa makala kufikira m'mbali muderapo. Lotere likoma koposa mbatata yootcha, ndipo ana aamuna oweta ng'ombe sasowa wowaphunzitsa kawiri. Likaduliridwa m'nyemba, pamodzi ndi anyezi ndi tomato, lisungunuka nililimbitsa msuzi, ndipo ndiwo zochepa zikwanira anthu ambiri. Amayi ogulitsa zigumu ndi mandasi pa Boma akakanyira dzungu lophika mu ufa adzaona kuti shuga alowa wochepa ndipo mtundu ukopa wogula.

Nthanga musataye. Tiona nthanga zili kutayidwira nkhuku, ndipo mwa dzungu lonse ndizo zolemera koposa. Zikasendedwa, pafupifupi theka lake ndi mafuta, ndipo mwa magalamu 100 muli ngati 30 a zomanga thupi, kuposa mtedza. Mulinso zinki ndi ayironi. Ndipo kuyesa kuja kwa 2015 ndi 2016 kunapeza kuti ana 60 mwa 100 anali operewera zinki, amene athandiza kukula ndi kupola kwa zilonda. Zikazingidwe pa phale ndi kamchere, ana aakulu atafune. Kapena zisinjidwe, zisefedwe bwino, zilowe m'ndiwo ndi m'phala m'malo mwa nsinjiro m'miyezi imene mtedza watha. Motero dzungu lidza ndi mafuta ake omwe, ngati sitiwataya.

Pa masamba mlendo agonja kwa eni dziko. Masamba a butternut adyeka, koma mukawatchola kwambiri zipatso zichepa. Pamene dzungu lathu lakale liyanga kutali, nilipatsa nkhwani kuyambira January, ndi chiluwe, ndi tiana ta maungu todulira m'ndiwo, ndi mfutso wa m'chilimwe. Ambiri a inu mukumbuka njala ya 2002, pamene nkhokwe zinali zopanda kanthu m'mwezi wa February ndi March, ndipo chimene chinafikitsa mabanja ambiri ku chimanga chachiwisi ndicho nkhwani ndi maungu. Tisalichotse m'mizere ya chimanga chifukwa cha latsopano. Pophika nkhwani, msadzuleni bwino kuti afewe msanga, ndipo chidulo ndi soda zichepe, pakuti zifewetsa masamba koma ziononga mavitamini ena a m'menemo.

Ndipo njala imeneyo inatisiyira chinthu china chimene tiyenera kuchinena poyera. Ena a ife tichita manyazi ndi maungu. Tiwayesa chakudya cha chaka choipa, ndipo mlendo akafika tibisa mphika wa maungu, nititumiza mwana kugolosale kukagula buledi woyera ndi chakumwa cha m'botolo, ndi ndalama ya sopo. Koma mlendo yemweyo akapita ku hotela ya ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, amuikira patsogolo mbale ya msuzi wa butternut, nalipira mtengo wa maungu khumi, nayamika. Ndi dzungu lomwe lija la padzala, angolisintha mbale.

Chimene butternut aposa nacho maungu ambiri ndi kusungika, ndipo pa chifukwa chimenechi makamaka timvomereza kwa inu. Maungu ambiri a m'munda akafika June ayamba kuola, ndipo mango sadza kufikira November; pakati pamenepo mbale ya mwana iyera. Butternut wokhwima bwino akhala miyezi itatu, ndipo posamalidwa apitirira pamenepo. Akhwima pakati pa masiku 90 ndi 120 chibzalire. Musathyole msanga: dikirani kufikira phesi liuma ngati nkhuni ndipo chikhadabo chilephera kuboola khungu. Dulani ndi mpeni kusiya phesi lotalika ngati chala chaching'ono, pakuti dzungu lothyoka phesi liyamba kuola pomwepo. Ndipo musalinyamule pogwira phesi, kapena kuliponya m'ngolo ngati chimanga. Likhale masiku khumi pa malo ofunda opita mphepo kuti khungu lilimbe ndi mabala apole, kenako ligone pa thandala m'nyumba yozizira, losakhudza dothi, losagundana ndi linzake. Kuzizira kwa kuno kwa June ndi July, kumene tidandaula nako m'mawa, pa ntchito imeneyi kutithandiza. Amene ali ndi dimba abzale mbewu yachiwiri chisanu chikatha, mu August, kuti akolole mvula isanagwe. Motero chaka chitsekeka mbali zonse. Zotsala zikhoza kulengedwa zopyapyala ndi kuyanikidwa pa mthunzi, pakuti dzuwa lowala liononga carotene.

Abambo, mau awa tsopano ndi anu. Kuyambira kale nkhwani ndi maungu zinali za amayi, ndipo palibe mwamuna anawerengapo maungu a mkazi wake. Koma mbewu ikayamba kukhala ndi mtengo isamuka, nilowa m'dimba la bambo, niwerengedwa imodzi imodzi. Taona chomwecho ndi tomato, anyezi ndi mbatatesi zimene zidzaza m'mbali mwa msewu pa Jenda. Tiopa kuti dzungu ili lidzayenda njira yomweyo: lidzalimidwa kuno, nilikwera galimoto, nilikadyedwa ndi ana a ku Mzuzu ndi Lilongwe, ndipo mwana amene anathirira dimba ndi kheni adzagona ndi nsima ya ufa woyera ndi mchere. Sitiletsa malonda, fizi ya sukulu ifunika, ndi feteleza yemwe. Koma inu amene mudziwa kupatula chakhumi cha Mulungu musanadye, patulaninso gawo la ana musanaitane wogula. Ndipo lisakhale lopindika ndi loboola lokha limene msika wakana, pakuti lotero silisungika. Likhale labwino, loti ligone pa thandala kufikira September.

Pali zochenjeza zingapo, ndipo asing'anga athu ali pano atikonze. Mwana wodya maungu ambiri masiku onse akhoza kusanduka wachikasu m'zikhato ndi kumapazi. Zimenezo sizipweteka, zitha zokha akachepetsa. Koma ngati choyera cha m'maso chasanduka chikasu, limenelo si dzungu, thamangani naye kuchipatala. Dzungu lililonse lowawa ngati ndulu litayidwe lonse, pakuti kuwawako ndi ululu wopweteka m'mimba, ndipo kuphika sikuuchotsa. Wodwala nthenda ya shuga akhoza kudya chibenthu m'malo mwa buledi kapena nsima yochuluka, ndipo achita bwino. Koma asaleke mankhwala ake. Mu dzungu muli potaziyamu amene athandiza wothamanga mwazi, makamaka akachepetsa mchere. Koma potaziyamu yemweyo apweteka munthu wa impso zofooka, ndipo wotere ayambe wafunsa sing'anga. Mwana amene wayamba kale kusaona madzulo, kapena wagwidwa ndi chikuku, asadikire dzungu. Adze kuno lero lomwe alandire vitamini A wa mphamvu.

Tinalonjeza kunenanso za ubale wa mlendoyu ndi maungu athu. Pa tsinde limodzi la dzungu pali maluwa a mitundu iwiri, lalimuna ndi lalikazi, ndipo lalikazi mulizindikira ndi kadzungu kali kunsi kwake. Maluwawa atseguka m'mawa tsiku limodzi lokha, ndipo njuchi ndizo zitenga ufa wa duwa lalimuna kupita nawo kwa lalikazi. Popanda njuchi kadzungu kafota nikagwa. Chifukwa chake wopopera mankhwala m'dimba apopere madzulo, maluwa atatseka. Koma njuchi sidziwa malire a munda. Ichoka pa dzungu la agogo nitera pa butternut, ndipo popeza ali a banja limodzi akwatirana. Chipatso cha chaka chimenecho sichisintha, koma nthanga zake zikabzalidwa zitulutsa maungu a maonekedwe ena, ena aakulu, ena oyezuka m'kati. Nthanga za m'paketi yolembedwa F1 nazonso sizibala monga make pa mbewu yachiwiri. Za Waltham zibala monga make ngati sizinasakanizike. Wofuna kusunga mbewu yake atenge nthanga za m'dimba la chilimwe, pamene maungu ena sali m'maluwa. Asankhe dzungu lokhwima, la khosi lonenepa, lofiira koposa onse m'kati. Atsuke nthanga, ataye zoyandama ndi zopyapyala, ayanike zotsala pa mthunzi kufikira zithyoka pozipinda, azisakanize ndi phulusa louma, azitsekere mu nsupa kapena m'botolo. Mvula ikakhazikika mu December abzale ziwiri kapena zitatu pa phando lothira manyowa a khola, kusiya mita imodzi pakati pa phando ndi linzake.